Mbiri ya Nyumba Zathu Pakati pa Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

M'kabuku kano ka cikondwerero ca Misyoni yathu anzathu ena alemba za masukulu, ndi ena za atumiki amene anatsogola. Ife tapatsidwa gawo laling'ono, ndilo la nyumba zimene tigonamo, ndi mawerengedwe a anthu a kuno ku Thyolo pofuna kumanga. Kapena wina adzati, Kodi nyumba iri ndi mbiri? Inde iri nayo, ndipo ndi mbiri yowawa, pakuti m'dziko lino la tiyi munthu sanakhale nao ufulu wa kumanga monga unafuna mtima wace.

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Limbe, napyola pa Bvumbwe ndi pa Boma la Thyolo kunka ku Makwasa, aona tiyi wobiriwira ponseponse, ndi midzi yopanikizana pa zitunda m'mbali mwace. Akayang'anitsa adzaonanso makoma ambiri a njerwa opanda denga, udzu utamera m'zipinda, mbuzi zitagona pa khomo. Eni ace a makomawo sali aulesi iai. Ambiri ndi abale athu a mumpingo, amene anayamba ndi cangu, koma asanawerenge. Makolo athu anawerenga zinthu zitatu asanazike mtengo woyamba: poyamba malo, kaciwiri mvula, ndi potsiriza cuma ca m'manja. Ife a lero tatembenuza mawerengedwe amenewa, tiyamba ndi ndalama. Mbiri iyi tailemba kuti tione cifukwa cace makolowo sanalakwe.

1. Nyumba za makolo

Kale, Azungu asanafike, m'mapiri muno munakhala Amang'anja, ndipo nyumba zao zinali zozungulira, za mitengo ndi dothi, zofolera ndi udzu. Nyumba yotere sinafune ngakhale kobiri limodzi, koma inafuna manja ambiri ndi miyezi yace. Mwamuna akakwatira anapita ku cikamwini, ndipo akuru a kucikazi ndiwo anamlozera malo, mfumu ya mudzi itabvomera. Pomwepo nkhani ya malo inatha. Panalibe munthu wakumcotsapo, koma ukwati ukatha ndiwo.

Zitatha zokolola, udzu utakhwima, akazi anamweta naumanga m'mitolo; amuna analowa m'nkhalango kukadula nsici, mzati ndi mapaso, nasenda luzi. Sanadule mtengo uli wonse, koma anasankha imene ciswe siciidya msanga. Atazika nsici anamanga mbariro za nsungwi, naphoma ndi dothi, ndipo akazi anazira pansi. Denga analimangira pa bwalo, ndipo tsiku lakulikweza mwini nyumba anaphika mowa kapena thobwa, naitana mudzi wonse. Ndico cifukwa cace akuru amati mutu umodzi susenza denga. Wothandizidwa lero anadziwa kuti caka ca mawa adzasenza denga la mnzace, ndipo imeneyi ndiyo inali ngongole yace yonse.

Taonani nzeru ya mamangidwe ao. Denga linatsika kupitirira khoma, ndipo kuzungulira nyumba kunali khonde lokwera, kuti mvula ya mphepo isamenye dothi, ndi madzi oyenda asalowe kunsi. Pakuti kuno mvula igwa kuyambira November kufikira April, ndipo ikatha kumadza ciperoni, kamvula ka nkhungu kocokera ku Mozambique, kamene kanyowetsa khoma masiku angapo osaleka. Munthu amene mwezi wa October unamthera asanafolere anasekedwa ndi ana omwe.

2. Nyumba isanduka mlandu

M'caka ca 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo kazembe wao woyamba, Harry Johnston, anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo amene anati anagula kwa mafumu ndi nsaru ndi mikanda ali aodi. Kuno ku Thyolo nthaka yabwino yambiri inapita kwa makampani, ndipo pambuyo pace yaikuru mwa iwo inali British Central Africa Company. Makalatawo ananena kuti midzi yopezekapo kale isasunthidwe. Koma anthu obwera m'mbuyo analibe cowachinjiriza.

Obwera m'mbuyowo ndiwo makamaka Alomwe, makolo a ambiri a ife, amene anayamba kuoloka malire ocuruka ca m'ma 1900, pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Eni minda anawalandira, nawapatsa pomanga ndi polima, koma mtengo wace unali thangata. Mau amenewa kale anatanthauza kuthandizana kwa anansi, monga tanena za kukweza denga. Tsopano anasanduka nchito yokakamiza ya mwezi umodzi, kapena iwiri, kapena kuposapo, ndipo kawirikawiri inafunidwa m'dzinja, pamene munda wa munthu mwini unafuna khasu.

Pamwamba pa izi panadza msonkho. Kuyambira 1894 Boma linafuna masheleni 3 pa nyumba iri yonse caka ndi caka. Patapita zaka zowerengeka linakweza kufikira masheleni 6, koma wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi analipira theka lokha. Msonkhowo unawerengedwa pa nyumba, si pa munda kapena pa mbuzi iai. Ndipo wolephera kulipira nthawi zina anaona nyumba yace irikupsya, kapena mkazi wace atagwidwa kufikira msonkho utapezeka. Cotero cinthu cimene kale cinali ulemu wa munthu cinasanduka mlandu wace. Pamene timva kuti agogo athu anagona m'tinyumba tating'ono tosalimba, tisanene kuti analibe nzeru. Anawerenga bwino ndithu. Ndani adzataya mphamvu zace kumanga colimba pa nthaka imene angamcotsepo caka ca mawa?

3. Tiyi ndi makomboni

Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje, kumene Henry Brown anabzala m'caka ca 1891. Kuno ku Thyolo Azungu anayamba ndi khofi ndi fodya, ndipo tiyi anabzalidwa pa Bandanga m'caka ca 1908. Caka comweco njanji yocokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre kupyolera pa Luchenza. Satemwa anayambidwa ndi Maclean Kay m'caka ca 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 minda ya tiyi inakula kwambiri, mafakitale namangidwa.

Tiyi afuna anthu ambiri othyola m'miyezi ya mvula, ndipo eni minda anamanga makomboni, ndiwo mizere ya nyumba za anchito. Apa panabadwa cinthu cacilendo cimene makolo sanacidziwe: nyumba yogonamo munthu koma yosakhala yace. Nchito ikatha, kapena akayambana ndi kapitao, anaturuka ndi mphasa yace ndi miphika ya mkazi wace. Ngakhale m'masiku athu ano taona abale amene anagwira nchito pa tiyi zaka makumi atatu, nagona m'nyumba ya malata ya kampani, koma tsiku lakupuma anafika kwao opanda ngakhale njerwa imodzi.

M'caka ca 1928 Boma linaika lamulo la anthu okhala pa malo a Azungu. Linati munthu akhoza kulipira lendi ya ndalama m'malo mwa thangata, ndipo lendiyo inaikidwa pa paundi imodzi, ndiyo masheleni 20, pa caka. Koma lamulo lomwelo linalola mwini malo kucotsa banja limodzi mwa mabanja khumi zaka zisanu ziri zonse, osanena cifukwa. Linacotsera mnyamata wofika zaka 16 ufulu wa kukhala pa malo pamene anabadwira. Ndipo mkamwini wocokera kwina sanathe kumanga kwa mkazi wace mwini malo asanalole. Lingalirani, abale, cimene ici cinacita pa mwambo wathu. Mai sanathenso kulozera mwana wace wamkazi malo a nyumba pafupi ndi nkhokwe yace.

4. Njerwa ndi malata

Pakati pa mabvuto amenewa panalowa luso latsopano. Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa m'caka ca 1882, ndipo iripobe. Kuyambira 1888 kufikira 1891 David Clement Scott ndi amisiri a dziko lino anamanga nyumba yopemphereramo ya St Michael and All Angels ndi njerwa zoumbidwa ndi kuochedwa pomwepo, ngakhale Scott mwini sanaphunzire zomangamanga. Anyamata ophunzira pa Misyoni ya Blantyre ndi pa mamisyoni ena anabalalika ndi cikombole, sowo ndi cingwe coongolera khoma. Kuno kwathu Joseph Booth anayamba misyoni ya Plainfield, imene mpingo wa Seventh-day Adventist unaigula m'caka ca 1902, ndipo inachedwa Malamulo m'caka ca 1907. Ku Chiradzulu John Chilembwe anatsiriza nyumba yopemphereramo ya njerwa pa Mbombwe m'caka ca 1913, ndipo asilikari a Boma anaigumula itatha nkhondo ya mu January 1915. Pamenepo anthu anaona kuti ndi njerwa zomwe sizilimba pamene mwini wace alibe mphamvu pa dziko.

Oyamba kumanga nyumba za ngodya zinai m'midzi anali aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi akapitao, makamaka okhala pa malo a misyoni kapena pa malo a mafumu kunja kwa minda. Mawerengedwe ao, monga tinamva kwa aphunzitsi athu okalamba, anali otere. Caka coyamba anaumba njerwa pa nthawi yopuma sukulu, m'malimwe, nazisanja pa uvuni, naziocha mvula isanadze. Caka caciwiri anamanga makoma ndi matope, nafolera ndi udzu, nalowamo. Citseko cimodzi cinakwana, ndi pa mazenera anatseka ndi mphasa. Malata anadza pambuyo, awiri caka cino, atatu caka ca mawa, nawasunga pa mitanda m'nyumba momwemo kufikira atakwanira. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Cimene tiyenera kusunga ndi ici: pa caka ciri conse ca kumanga kwao nyumba inali ndi denga.

Malata anafika ndi sitima ya pamtunda, ndipo ndalama zace zambiri zinacokera kutali. Amuna athu anapita ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndi ku Bulawayo, ndi ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela. Wobwera wanzeru anagula malata ndi misomali asanafike pa mudzi. Wina anabwera ndi njinga, jekete ndi galamafoni, ndipo zitatha zaka ziwiri analikugonanso m'nyumba yodontha. Njira imeneyi inacepa m'caka ca 1974, pamene ndege yonyamula anchito a ku migodi inagwa ku Francistown, nafa Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu kuno.

5. Thangata atha, malo acepa

M'caka ca 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kufufuza nkhani ya malo, ndipo anaweruza kuti Boma ligule malo amene makampani sanalikulima, likhazikepo anthu. Kugulako kunayenda mocedwa. Mu August 1953 cipolowe cinabuka kuno, ciyambi cace nkhani ya malalanje pa munda wina kufupi ndi Luchenza, koma muzu wace unali malo ndi thangata, pamodzi ndi citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cimene anthu anacikana. Cinafalikira ku maboma ena, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1962, ndipo ufulu unadza mu 1964.

Kuyambira pamenepo munthu anatha kumanga osaopa kapitao, ndipo nyumba za njerwa zinacuruka. Koma tiyi anakhala pamalo pace, ndi anthu anabalana. Pa kalembera wa 2018 Boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 700,000. Kuyambira 2004 kufikira 2011 nchito ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ndipo ena mwa iwo anacoka kuno ndi ku Mulanje kunka ku Mangochi ndi Machinga. Koma otsala anakwerabe m'mapiri, namanga pa matsitso ndi m'mphepete mwa mitsinje, pamene makolo sakadazikapo nsici. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene inapatsa agogo athu mapaso ndi luzi, inatha ndi makasu, nkhwangwa ndi mauvuni a njerwa, kupatula kagawo kakang'ono kosungidwa ku mbali ya Satemwa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ciswe sicinaudye, watsala pang'ono kutheratu, ndipo mitengo yathu ya denga tsopano ndi bulugamu ndi paini.

Mphotho ya izi tinailandira mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka pa Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi kuno. Akufa ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pogona. Ife amene tinalandira abale m'zipinda za sukulu tinaona ndi maso kuti nyumba zambiri zinagwa kuyambira kunsi: zinalibe maziko okwera, zinalibe khonde, ndipo malata anathera pa khoma penipeni cifukwa mwini wace anafuna kusunga ndalama. Panali nyumba zina za zidina, za khonde lalikuru, zimene zinaima. Ndi zina za njerwa zoocha, zokongola pa mseu, zimene zinagwa.

6. Mawerengedwe a womanga lero

Tsono mbiri iyi itiphunzitsa ciani? Akatekisiti adziwa fanizo lija la munthu womanga nsanja amene sanayambe wakhala pansi kuwerenga. Ife tingoonjeza ndondomeko ya kuwerengako.

Poyamba werengani malo. Musaumbe njerwa musanadziwe kuti nthakayo ndi ya yani. Ngati muli pa cikamwini, khalani pansi ndi mkazi wanu, amalume ace ndi ankhoswe, mumvane za mwini nyumba pakadza imfa kapena kulekana; pakuti taona amasiye, amuna ndi akazi omwe, akuturutsidwa m'nyumba zimene anamanga ndi thukuta lao. Ngati mwagula, a mfumu ndi mboni adziwe malire, ndipo palembedwe kalata. Lamulo la malo la 2016 lilola munthu kulembetsa malo a makolo. Ngati muli pa malire a munda wa tiyi, funsani bwino. Safunsa anadya phula. Ndipo inu ogona m'nyumba za kampani kapena za sukulu, yambani yanu mukali pa nchito.

Kaciwiri werengani mvula. Pitani pa malowo tsiku la mvula yaikuru, muone kumene madzi ayenda. Musamange kunsi kwa tsitso logumuka kapena m'khwawa. Maziko akwere kuposa nthaka, ndipo ngati simenti iri yocepa, ithere pa maziko ndi pa bimu, si pa kukongoletsa khoma la ku mseu. Yalani pepala la pulasitiki pamwamba pa maziko kuti cinyezi cisakwere. Denga lipitirire khoma mbali zonse, limangidwe ndi waya wolowa m'khoma kuti mphepo isalinyamule, ndipo kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande. Mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a ciswe. Miyezi nayo iwerengedwe: kuumba kuyambe mvula itatha, ndipo denga likwere October asanathe, pakuti khoma la matope likagona dzinja limodzi poyera latha mphamvu.

Kacitatu werengani ndalama. Lembani m'kope zonse: njerwa, miyala, mcenga, simenti, matabwa, malata, misomali, zitseko, mazenera, mmisiri ndi omthandiza, otunga madzi, ndi galimoto kapena ngolo yonyamula, musaiwale cimbudzi ndi khichini. Pa njerwa khumi ziri zonse onjezani imodzi ya kusweka, ndi pa ndalama zonse onjezani gawo la zakugwa mwadzidzidzi. Mmisiri mupangane naye pamaso pa mboni, ndipo mumlipire m'magawo, nchito ikaoneka. Kumbukirani kuti ndalama ya pepala imasungunuka: mu November 2023 kwacha inagwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo wosunga ndalama pansi pa mphasa anataya malata ambiri ali m'tulo. Cifukwa cace gulani malata ndi misomali pamene mwapeza, monga anacita aphunzitsi akale. Koma simenti mugule potsiriza, pakuti ciperoni cimaiumitsa m'thumba. M'caka ca 2018 Boma linaletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pa zomanga zace ndi pa nyumba zazikuru za malonda, ndipo nkhuni zakwera mtengo. Tsono yerekezani ndi mabuloko a simenti kapena zidina zomangidwa bwino musanasankhe. Cipereganyu ndi banki m'khonde zithandiza, koma katapila wadya nyumba zambiri. Koposa zonse, yesani nyumba ndi thumba lanu: zipinda ziwiri zofolera ziposa zipinda zisanu ndi cimodzi zogonamo mbuzi.

Abale, makolo athu anadziwa kumanga, koma analibe malo. Ife ambiri tiri nako kamalo, ngakhale kakang'ono, kamene palibe kapitao angaticotsepo. Anakamenyera agogo athu ndi misana yao pa thangata, ndi ena ndi mwazi wao mu 1953. Tikamangapo mosawerenga tiwacititsa manyazi. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, tipempha akuru a mpingo m'midzi yonse kuti malimwe ano ayendere nyumba za amasiye ndi nkhalamba, aone khonde, ngalande ndi denga, ndipo aitane anyamata ndi makasu ao mvula yoyamba isanagunde.